Ndasiya gulu, ndikuwerenga Baibulo ndekha: kodi ndalakwa?

FUNSO

Amayi, ndine namwino wa zaka 34, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana awiri. Kwa zaka zitatu ndinali m'gulu lophunzira Baibulo limene limakumana Lachitatu lililonse madzulo. Tinalipo anthu 14. Chaka chatha ndinasiya, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ola limodzi ndi theka linkatha tikumvetsera bambo mmodzi amene ankayankha funso lililonse ena tisanatsegule n'komwe pakamwa. Nthawi ina mwezi wathunthu unatha tili pa mavesi asanu ndi limodzi. Chachiwiri ndicho chinandipweteka. Nditapita padera ndinapempha gulu kuti lindipempherere, ndipo sabata isanathe ndinamva nkhani yanga kwa munthu amene sali m'gulumo.

Chichokereni kumeneko ndimawerenga ndekha m'bandakucha, ndikaweruka ku ntchito ya usiku kapena ana asanadzuke. M'miyezi khumi ndamaliza Marko, Yohane ndi Aroma, ndipo ndikuona kuti ndaphunzira zambiri kuposa zaka zitatu zija. Kutchalitchi ndimapitabe sabata iliyonse. Koma mtsogoleri wa gulu anandiimbira foni n'kundiwerengera Ahebri 10:25, akuti kusiya kusonkhana ndi kudzikuza. Ndinatsegula Ahebri kuti ndidzionere ndekha, ndipo ndinafika pa 6:4-6, pamene akuti amene anaunikiridwa n'kugwa sangathenso kulapa. Ino ndi sabata yachitatu tulo ndisakutiona. Sindinauze munthu aliyense, ngakhale amuna anga. Kodi kuwerenga ndekha n'kulakwa? Ndibwerere?

Namwino wosowa tulo

YANKHO

Mchemwali wanga, pepani chifukwa cha mwana amene munataya. Pepaninso kuti misozi imene munakhetsa pakati pa abale inakathera pabwalo. Amene anatulutsa nkhani yanu analakwa, ndipo Miyambo 11:13 inamuona kale munthu wotere: woyendayenda ndi miseche amaulula zinsinsi, koma wokhulupirika amasunga nkhani. Wina asakuuzeni kuti bala limenelo ndi kudzikuza.

Ndiyamba ndi chimene chikukulandani tulo, chifukwa zinazo zingadikire. Tsegulani Ahebri 6 pamene munalekezera, mupitirire mpaka vesi 9 ndi 10. Munthu yemwe uja walemba mawu oopsawo akutembenuka n'kuwatchula omvera ake kuti okondedwa, ndipo m'kalata yonseyi ndi pano pokha pamene akuwaitana choncho. Akuwauza kuti ngakhale walankhula motero, pa iwo akuyembekezera zabwino, zoyendera limodzi ndi chipulumutso, ndipo kuti Mulungu si wosalungama kuti aiwale ntchito yawo ndi chikondi chimene anaonetsa potumikira anthu ake. Mipingo imasiyana pomasulira mavesi 4 mpaka 6. Ena amati akunena za anthu amene anangolawa koma sanakhulupirire zenizeni, ena amati wokhulupirira weniweni angathe kugwa. Mkangano umenewo sindiuthetsa patsamba lino. Koma mbali zonse ziwiri zimagwirizana kuti vesi 6 likunena za munthu amene wakana Khristu mwadala, n'kumunyoza poyera ngati akumupachikanso. Munthu wotero sachezera usiku maso ali gwa poopa kutaya Yesu, chifukwa anamutaya kale mwa kufuna kwake. Inu mwasiya msonkhano wa Lachitatu, Yesu simunamusiye. Petro anamukana katatu, mpaka kulumbira, koma mu Yohane 21, imene mwangomaliza kumene, Yesu akumupatsa nkhosa zake kuti azidyetse.

Vesi limene anakuwerengerani pafoni nalonso lili ndi anzake. Pa Ahebri 10:24 akuti tiganizirane kuti tilimbikitsane pa chikondi ndi ntchito zabwino, ndipo vesi 25 likungomalizitsa chiganizo chomwecho. Mukatsika mpaka 32-34 muwaona anthu amene ankalandira kalatayi: ananyozedwa poyera, anzawo anali m'ndende, katundu wawo analandidwa. N'zosadabwitsa kuti ena anayamba kuzemba misonkhano. Wolembayo akuwaitana kuti asatayane pa nthawi ya mavuto. Palibe pamene akumangirira munthu ku kagulu kamodzi moyo wake wonse, ndipo inu mumasonkhana ndi mpingo sabata ndi sabata. Choncho funso lanu loyamba ndayankha: simunalakwe.

Ndikukukhulupiriraninso pamene mukuti mwaphunzira zambiri m'miyezi khumi. Chifukwa chake chili poyera. Munawerenga mabuku athunthu. Munayenda ndi Marko kuchokera ku Yorodano mpaka ku manda apululu popanda wokuimitsani vesi lililonse, ndipo munamva mmene nkhani imodzi imakankhira inzake. Munthu ali yekha angathe kuima pa chiganizo chimodzi masiku atatu, angathe kulira, angathe kuvomera kuti mawu awa akunena za ine osaopa kuti mnzake amuona bwanji. Pagulu ambirife timayankha kuti timveke bwino. M'chipinda mulibe womusangalatsa. Yesu mwini wake, pa Marko 1:35, anadzuka kukali mdima n'kupita kumalo kopanda anthu, mpaka Simoni ndi anzake anachita kumufunafuna. Danieli, ali ku ukapolo, anadziwerengera yekha mawu a Yeremiya n'kuzindikira kuti zaka 70 zili pafupi kutha. M'bandakucha wanuwo musausiye, ngakhale mutadzapeza gulu labwino kuposa onse.

Koma m'kalata yanu muli chinthu chimene sindingachilumphe. Mwakhala milungu itatu mutasenza nokha mavesi atatu, ndipo mankhwala ake anali mizere iwiri pansi pake, patsamba lomwelo. Si kuti ndinu wochepa nzeru. Mantha akagwira munthu, maso ake amakakamira pamalo amodzi. Mukanakhala ndi mnzanu mmodzi yekha woti mumuuze kuti ndawerenga apa ndipo ndikuopa, bwenzi atakuuzani kuti tiyeni tipitirire pang'ono, ndipo usiku womwewo mukanagona.

Anthu oyamba kumva Ahebri vuto limeneli sakanakumana nalo. Kalatayi sinkafika m'manja mwa munthu aliyense payekha. Inkawerengedwa mokweza, abale atakhala pamodzi, ndipo yonse, mitu 13, ola limodzi likwanira kuimaliza. Amene anamva mawu oopsa a mutu 6 anamvanso liwu lakuti okondedwa mphindi imodzi isanathe. Ndi mmene mabuku ambiri a Chipangano Chatsopano anayendera. Paulo akuuza Akolose kuti kalata yawo ikawerengedwa pakati pawo aitumize ku Laodikaya, iwonso awerenge yochokera kumeneko. Akuuza Timoteo kuti asamale za kuwerenga Malemba pamaso pa anthu. Chivumbulutso 1:3 chimadalitsa wowerenga, mmodzi, ndi akumva, ambiri. Kwa zaka zoposa 1,000 Baibulo linkakoperedwa pamanja, ndipo Mkhristu wamba sankalota zokhala nalo m'nyumba. Johannes Gutenberg anasindikiza Baibulo ndi makina ku Mainz cha m'ma 1455. Ngakhale manambala amene ine ndi inu tikutumiziranawa anabwera mochedwa: mitu imene timagwiritsa ntchito imachokera kwa Stephen Langton, amene anamwalira mu 1228, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika Robert Estienne mu 1551. Manambala ndi othandiza popeza malo, koma amatipatsanso mpeni wodulira chiganizo pakati. Mtsogoleri wanu anadula pa 10:25, inu munadula pa 6:6. Nonse awiri munavulala ndi mpeni umodzi.

Kukhala ndi Baibulo lakolako ndi mphatso yaikulu, ndipo ena anaifera. William Tyndale anaphedwa mu 1536, atamasulira Chipangano Chatsopano m'Chingerezi kuti munthu wamba adziwerengere. Sindikufuna kuti tibwerere m'masiku amene munthu sankaloledwa kutsegula buku yekha. Ndikungonena kuti buku limene mwafukata m'bandakuchalo linalembedwera anthu ambiri okhala pamodzi, ndipo chinenero chathu nthawi zina chimatibisira zimenezi. Tikaona liwu lakuti inu, timalimva ngati ulemu wopatsidwa kwa munthu mmodzi, monga ndikuchitira pano polankhula nanu. Koma pamene Paulo akuti inu ndinu kachisi wa Mulungu, pa 1 Akorinto 3:16, akunena mpingo wonse. Yeremiya 29:11, vesi limene ambiri timalikonda, lakuti ndikudziwa zimene ndikukonzerani, lili m'kalata yopita kwa akapolo onse a ku Babulo, ndipo vesi 10 likuwauza kuti adikira zaka 70. Ambiri amene anamva lonjezolo anafera komweko, n'kulisiyira ana awo. Tsono onani Mateyu 6. Pa vesi 6 Yesu akulankhula ndi munthu mmodzi, ndipo Buku Lopatulika likuti iwe: iwe popemphera lowa m'chipinda chako, utseke chitseko. Mavesi atatu kutsogolo, pemphero limene akutiphunzitsa likuyamba ndi Atate wathu, n'kupitirira ndi mutipatse, mutikhululukire. Chitseko n'chotseka, koma pakamwa pakutuluka dzina la banja lonse.

Ndikuuzeni za ine. Ndatsogolera magulu ophunzira Baibulo zaka zoposa 20, ndipo zaka zoyambirira ndinali ngati bambo amene mukuwanenawo. Ndinali mphunzitsi wa kusukulu, chete ankandiopsa, ndiye funso likangogwa ndinkalitola ndekha. Tsiku lina tinali pa Luka 15, fanizo la mwana wolowerera. Ndinali nditaliwerenga ndekha kosawerengeka, ndipo m'Baibulo langa ndinali nditadula mzere pansi pa mawu onse a mwana wamng'ono ndi bambo womuthamangira. M'gulumo munali gogo wina amene maso ake anali atafooka, moti ankangomvetsera. Nditatha kufotokoza anafunsa kuti, "Nanga wamkuluyo analowa?" Ndinayang'ana m'buku kuti ndiwayankhe. Yankho mulibe. Fanizo limatha bambo ali panja akudandaulira mwana wamkulu, ndipo Yesu sanena ngati analowa. Ndinabwerera ku vesi 1 ndi 2 n'kuona kuti fanizoli akuuza Afarisi ndi alembi amene ankang'ung'udza kuti amalandira ochimwa.

Nthawi imeneyo n'kuti patha zaka zinayi ndisakulankhulana ndi mng'ono wanga. Mayi athu atadwala iye anali kutali ndipo sanabwere, ine ndinadwazika ndekha mpaka kumwalira kwawo. Atayamba kundifunafuna kuti tikambirane, ndinkadula foni. M'mawa uliwonse ndinkawerenga Baibulo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadziona ngati mwana wamng'ono wokhululukidwa. Sindinadzionepo ngati uja waima panja, wokwiya, akuwerengera bambo ake zaka zimene wawatumikira. Maso anga ankadumpha ndime imeneyo chifukwa mtima wanga sunkaifuna. Gogo uja za mng'ono wanga sankazidziwa. Anangofunsa chimene khutu lake linamva kuti chatsala. Lamlungu lotsatira ndinamuimbira mng'ono wangayo.

Apa ndi pamene kuwerenga wekha kumalekezera. Chimene sukuchidziwa ungachifufuze m'mabuku ofotokozera kapena pa intaneti. Koma chimene ukuchidumpha sungachifufuze, chifukwa sudziwa n'komwe kuti ukuchidumpha. Aliyense wa ife ali ndi masamba amene amawakonda ndi ena amene amawathawa, ndipo tikakhala tokha zaka zambiri Baibulo limayamba kulankhula ndi mawu ofanana ndi athu. Nduna ya ku Ethiopia ya pa Machitidwe 8 inali munthu wophunzira, woyang'anira chuma chonse cha mfumukazi, ndipo inali ndi mpukutu wa Yesaya wakewake. Filipo ataifunsa ngati ikumvetsa zimene ikuwerenga, inayankha kuti ingathe bwanji popanda woitsogolera, n'kumukweza m'galeta. Apolo ankadziwa Malemba kwambiri ndipo ankalankhula mwamphamvu ku Efeso, koma Prisila ndi Akwila anamutengera pambali n'kumufotokozera njira ya Mulungu molondola. Ngakhale Paulo, amene amanenetsa kuti uthenga wake sanaulandire kwa munthu, ndipo atatembenuka anayamba wapita ku Arabiya, patapita zaka zitatu anakakhala ndi Petro masiku 15. Pambuyo pake anakayala uthenga wake pamaso pa atsogoleri ku Yerusalemu, kuopa kuti mwina akuthamanga pachabe. Ngati Paulo anafuna maso a ena, safunsa uja anadya phula tisamutsanzire.

Ndimakonda nkhani ya John Wesley, amene anayambitsa gulu la Methodist, chifukwa zinthu ziwirizi, kuwerenga yekha ndi kumva pagulu, zinamuchitikira tsiku limodzi. Pa 24 May 1738, cha m'ma 5 koloko m'mawa, anatsegula Chipangano Chatsopano ali yekha, monga mumachitira inu. Anali m'busa wophunzira ku Oxford, koma mtima wake unalibe mtendere pa za chipulumutso chake. Madzulo ake anapita, monyinyirika, ku kamsonkhano ka mu msewu wa Aldersgate ku London, kumene munthu wina ankawerenga mokweza mawu oyamba amene Martin Luther analemba pa kalata ya Aroma. Aroma ankawadziwa kale, m'Chigiriki momwe. Koma ali kumvetsera mawu otuluka pakamwa pa munthu wina, ndi pamene anatsimikiza mumtima kuti Khristu anachotsa machimo ake, akewo. Kuyambira mu 1742, ku Bristol, anayamba kugawa anthu ake m'timagulu ta anthu pafupifupi 12 tokumana sabata iliyonse.

Izi sizikutanthauza kuti gulu lililonse n'labwino, kapena kuti anthu akachuluka ndiye kuti alondola. Pa 1 Mafumu 22 aneneri pafupifupi 400 anauza Ahabu mawu amodzi, ndipo woona anali Mikaya yekha. Ku Antiokeya, Petro atayamba kudzipatula kwa abale a mitundu ina, ena anamutsatira mpaka Barnaba yemwe anatengeka. Gulu lingathe kusocheretsana mwachikondi, onse akugwedeza mutu. Chimene chimaliteteza ndi anthu amene amafika atawerenga kale paokha. Anthu a ku Bereya anayamikiridwa pa Machitidwe 17:11 chifukwa atamva Paulo ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zinali zoona. Gulu limene munthu mmodzi amalankhula ola ndi theka, ena 13 atangokhala, silikuphunzira pamodzi. Ndi munthu mmodzi amene akuwerenga yekha, mokweza. Ndipo mwina bambowo amalankhula choncho chifukwa ena onse amabwera chimanjamanja. Ine ndinasiya kulankhulitsa pamene ndinayamba kupempha aliyense kuti abwere ndi funso limodzi lolemba, n'kudziletsa kuyankha mpaka anthu atatu atayamba alankhula.

Tsono mubwerere? Musanaganize zimenezo, kawaoneni atsogoleri anu maso ndi maso. M'kalata yanu sindikuona pamene munawauza chifukwa chenicheni chimene munachokera. Ngati sakudziwa kuti nkhani ya padera inatuluka, iwo akungoona mpando wopanda munthu, ndipo akuganiza zawozawo. Mateyu 18:15 akuti m'bale wako akakuchimwira pita ukamuuze muli awiri. Auzeni zonse ziwiri, za chinsinsi ndi za kulankhulitsa. Mmene akayankhire ndi mmene mukadziwire. Akamva chisoni, n'kulolera kuti gulu likhale pansi ligwirizane kuti zokambidwa muno zimathera muno, ndiye kuti pali poyambira, ndipo mukhala mutateteza mayi wina amene adzalire m'gulumo chaka chamawa. Akayamba kudziteteza kapena kukuwerengerani vesi lina, atsanzikeni mwaulemu, palibe mlandu. Kukhululuka n'kofunika kwa inu, ndipo kudzabwera pa nthawi yake. Kuikanso chinsinsi chanu m'manja amene anachigwetsa ndi nkhani ina, ndipo palibe lamulo lokukakamizani.

Chimene ndikukupemphani ndi chaching'ono kuposa gulu la anthu 14. Pezani munthu mmodzi, akachuluka awiri. Pa njira ya ku Emau anali awiri okha pamene Yesu anawatsegulira Malemba mitima yawo n'kutentha. Sankhani munthu amene munamuonapo akusunga nkhani ya wina, ndipo ngati n'kotheka asakhale wofanana nanu pa zonse. Wamkulu kwa inu, kapena wamng'ono kwambiri, kapena amene moyo wamuyendetsa njira ina, ndi amene adzaone zimene inu mumadumpha. Poti ntchito yanu ndi yosinthana usiku ndi usana, musadzimange ndi tsiku limodzi lokhazikika. Kamodzi pa milungu iwiri n'kokwanira, ndipo foni imathandiza pamene kukumana kwakanika. Gwirizanani buku limodzi. Aliyense aziwerenga yekha mutu umene mwapangana, alembe chimene chamukhudza ndi chimene sanamvetse. Mukakumana, mmodzi awerenge mutu wonse mokweza wina akumvetsera Baibulo litatsekedwa, chifukwa khutu limagwira zimene diso laphonya. Mukafika pouma, yang'anani zimene zili pamwamba ndi pansi pake musanathamangire kwina. Zikakanikabe, lembani funsolo mukafunse abusa anu kapena wina wophunzira. Petro yemwe anavomera, pa 2 Petro 3:16, kuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kumvetsa, ndiye palibe manyazi kunena kuti apa sitikumva.

Ndipo lero lomwe, musanagone, auzeni amuna anu. Mwana uja anali wawonso. Mwina nawonso ali ndi zimene akusenza okha poopa kukuwonjezerani katundu. Atengereni Baibulo, muwapemphe kuti akuwerengereni Ahebri 6 mokweza kuyambira vesi 1 mpaka 20, inu mutangomvetsera. Mutuwo umathera pa nangula wa moyo, wolimba ndi wosagwedezeka. Ngati tulo tikhalabe tikuvuta patapita milungu ina, inu ndinu namwino, mukudziwa kuti chisoni cha padera chimatha kubwerera patapita nthawi. Kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi, monga mukanamuuzira wodwala wanu.

FUNSO

Amayi, ine ndili ndi zaka 19, ndili pasukulu ya ukachenjede. Gulu lathu la Baibulo sindijomba, ndipo ena akamafotokoza ndimamva zonse. Koma ndikakhala ndekha sindimva kanthu. Ndayamba Genesis katatu, ndipo katatu konse ndathera mu Levitiko. Poti pagulu ndimapindula, kodi pali chifukwa chodzivutitsira ndekha?

Mnyamata wa chaka choyamba

YANKHO

Mwana wanga, chifukwa chilipo. Zaka zitatu kapena zinayi zikubwerazi anzakowo adzabalalika, aliyense kotsata ntchito yake, ndipo tsiku lina udzakhala pamalo pamene palibe wokufotokozera. Komanso lero lomwe, ngati wofotokozayo atalakwitsa, ungadziwe bwanji? Panopa chimene uli nacho ndi chikhulupiriro chobwereka. N'chabwino poyambira, ambirife tinayamba choncho, koma mwini wake akachoka chimapita naye.

Levitiko wagwetsa anthu ambiri, si iwe woyamba. Baibulo ndi mabuku ambiri omangidwa pamodzi, 66 kapena 73 malinga ndi mpingo wako, ndipo palibe lamulo lakuti uyambire tsamba loyamba. Yamba ndi Marko. Ali ndi mitu 16 yokha, nkhani zake zimathamanga, ndipo ukawerenga mutu umodzi patsiku umumaliza milungu itatu isanathe. Ukatero pita ku Luka, upitirire ndi Machitidwe, poti wolemba wake ndi mmodzi ndipo buku lachiwiri likuyambira pamene loyamba lathera. Levitiko udzabwerereko utawerenga Ahebri, chifukwa Ahebri ndi amene amafotokoza tanthauzo la nsembe ndi ansembe aja. Pamenepo magazi ndi maguwa zidzayamba kumveka.

Ukuti ukakhala wekha sumva kanthu. Ndikuganiza kuti ukudikira kuti mumtima muchitike chinachake chofanana ndi chimene umamva anzako akamaimba ndi kupemphera. Masiku ambiri sichibwera, ngakhale kwa ife amene tawerenga zaka makumi. Tenga kope ndi cholembera. Ukatha mutu, lemba mizere itatu yokha: chachitika n'chiyani, Yesu wachita kapena wanena chiyani chimene sunayembekezere, ndi funso limodzi limene ulibe yankho lake. Werenga mokweza ngati m'chipinda muli iwe wekha, ndipo foni uiike patali, pokhapokha ngati Baibulo lako lili momwemo. Zikatero tseka intaneti kwa mphindi khumi ndi zisanu zimene ukuwerengazo.

Funso lija upite nalo ku gulu. Funsa mtsogoleri wanu ndime imene mudzaphunzire sabata yamawa, uiwerenge wekha kawiri tsikulo lisanafike. Ukafika pa Marko 8, pamene Yesu akuchiritsa wakhungu wa ku Betsaida pomukhudza kawiri, koyamba n'kumangoona anthu ngati mitengo yoyenda, usafunse munthu msanga. Werenga nkhani imene ili pamwamba pake ndi imene ili pansi pake, uone amene akuona mwa theka m'mutu umenewo ndani. Ukapeza, undilembere.